Fani ya Nkhunzi ya a Gwaza

Ana anga, Lute, Yohane ndi iwe Chisomo, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga maso asanafooke. Zaubwana ndazidumpha, chifukwa ndinaweta mbuzi ngati mwana aliyense wa ku Champiti ndipo palibe chophunzirapo. Ndiyambira tsiku lomwe ndinavala ovololo. Koma ndikuchenjezerenitu kuti m'nkhani ino muli munthu mmodzi amene azingotulukira paliponse, Che Sayidi a pa Nsipe, amene inu munkawatcha ankolo. Muno ndizingoti Sayidi basi, monga ndinkamutchulira mumtima. Munthu ameneyu ndinamuchitira nsanje zaka zoposa makumi anayi, ndipo mayi anu okha ndi amene ankadziwa.

1979: Galaja ya pa boma

Tinalembedwa ntchito tsiku limodzi, ine ndi Sayidi, pa galaja yokonzera magalimoto a boma ku Ntcheu. Ine ndinafika wapansi, nsapato zili m'manja kuopa kuti zingathe. Iye anafika pa njinga yatsopano, chifukwa bambo ake anali ndi golosale pa Nsipe. Maovololo anatipatsa ofanana, koma yake inamukhala ngati anachita kumuyeza, pomwe yanga ndinkaipinda katatu m'miyendo. Sekani, koma nsanje imayambira pa tizinthu totere.

Kapitawo wathu anali a Chirombo, bambo wamfupi, wosakonda kulankhula, amene ankadziwa vuto la injini pongoimva kulira ali khale pa benchi. Zipangizo zinkasowa kwambiri. Gasiketi yotsekera kuti oyilo asamadonthe tinkachita kusema pa katoni, ndipo lamba wa fani akaduka tinkapota chingwe cha tayala kuti lole ikafike kaye komwe ikupita. A Chirombo ankalekerera zambiri, koma anali ndi lamulo limodzi lomwe munthu sukanaliphwanya. Ukagwira fani, ngakhale wangoimasula n'kuibwezeretsa, uliza injini, utenge pepala la nyuzi, uliike kutsogolo kwa radiyeta. Likamatirira ndiye kuti fani ikukoka mphepo kudutsa m'radiyeta kupita ku injini, zili bwino. Likauluka ndiye kuti waika chobwerera, fani izilimbana ndi mphepo ya pamsewu, ndipo galimotoyo ikawira isanapite patali. Ankati maso amanama koma pepala silinama.

Ine lamuloli ndinaligwira ngati vesi ya m'Baibulo. Sayidi ankaliseka, koma mwaulemu wake uja, moti a Chirombo ankaseka naye limodzi. Zimenezo ndi zomwe zinkandiwawa. Ine ndikalakwitsa ankandikalipira, iye akalakwitsa ankamukhazika pansi n'kumufotokozera. Kunena zoona munthuyo anali ndi mutu. Mawaya omwe ine ndinkawaona ngati matumbo a nkhuku, iye ankawawerenga ngati kalata yochokera kwawo. Mu 1983 kunabwera malo amodzi okha a maphunziro a zamagetsi a m'galimoto ku Blantyre. Ndinapempha ndithu, chipewa chili m'manja. A Chirombo anandiuza kuti manja anga ndi a chitsulo, galaja singayende popanda ine. Ndinatuluka ndikumwetulira poganiza kuti andiyamikira, mpaka Lolemba lake pomwe ndinaona Sayidi akukwera basi ndi sutikesi.

1984: Nkhunzi

Sayidi ali ku Blantyre komweko, Mulungu anandikumbukira. Tsiku lina masana tinaona ng'ombe zinayi zikukoka galimoto kubwera pageti, anthu a mumsika akutsatira pambuyo. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, boneti yake yaitali moti munthu akanagonapo osapinda miyendo. Mwini wake anali a Gwaza a kwathu ku Champiti, amene anagwira ntchito m'migodi ku Joni zaka zambiri. Anzawo anabwerako ndi mawailesi, njinga ndi mabulangete. Iwo anabwerako ndi galimoto imeneyi, ya injini ya masilinda asanu ndi atatu, ndipo anaitcha Nkhunzi chifukwa ikalira ng'ombe za m'khola zinkayankha.

Inali itawira pa chitunda chokwera kuchoka ku Nsipe kupita ku boma. Galimoto ya munthu wamba sinkaloledwa m'galaja mwathu, choncho a Chirombo anaikankhitsira kuseri kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, n'kundiuza kuti ndiziiona ndikaweruka. Nditatsegula boneti ndinavula chipewa. Chitsulo chotero ndinali ndisanachionepo. Ndinapeza kuti phiko limodzi la fani lathyoka, ndipo radiyeta yadzaza matope a madzi a pachitsime. Radiyeta ndinaitsuka, phiko ndinasula lina kuchokera ku fani ya thirakitala yakufa, n'kumaiyeza faniyo pa msomali mpaka inasiya kupendekera mbali imodzi. Zinanditengera masiku asanu ndi anayi. Pomaliza ndinaika pepala, ndipo linamatirira.

A Gwaza anandikweza, tinapita mpaka ku Manjawira n'kubwerako, kamuvi koonetsa kutentha kali phee pakati. Titatsika anachotsa kiyi wachiwiri pa mphete n'kundiika m'dzanja.

"A Mbewe, kuyambira lero m'mimba mwa Nkhunzi muzilowa dzanja lanu lokha," anatero.

Kiyi ameneyo ndinamusunga m'kachikwama ka chiphaso changa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Sayidi atabwerako ndi satifiketi yake anapempha kuti angoiona injiniyo. Ndinamulola kuti aone, koma manja ali kumbuyo. Tsiku limenelo ndinadya bwino kwambiri.

1991 mpaka 2018: Manjawira

A Chirombo atapuma, ukapitawo unapita kwa Sayidi, ndipo ine ananditumiza ku kampu ya okonza misewu ku Manjawira, komwe iwe Yohane unabadwira. Kunali magireda awiri, imodzi yoyenda, ina yomaichotsa zipangizo kuti inzakeyo iziyenda. Bwana wa kumeneko anali munthu wa mapepala. Sipanala ikasowa ankafuna lipoti la masamba awiri, koma gireda ikafa pakati pa msewu ankangoti a Mbewe muone chochita. Kumeneko n'kotentha, ndipo njere za udzu ndi fumbi zinkatseka maradiyeta sabata iliyonse. Makina opopera mpweya tinalibe, ndiye ndinkaphulitsa fumbilo ndi pampu ya njinga, kabowo ndi kabowo, thukuta lili kamukamu. Za kutentha kwa injini ndinaziphunzirira kumeneko, osati m'kalasi ngati anzathu ena.

Sayidi sanandichitirepo choipa, ndipo chimenecho ndi chomwe chinkandinyansa. Ankanditumizira mabering'i ndi mafyuluta mwakachetechete pomwe makampu ena akulira. Iwe Lute utadwala malungo aakulu aja, ndi iye anatumiza galimoto yokutengera ku chipatala. Munthu wotere umamuda bwanji poyera? Ndinkangomuda chamumtima, kwinaku ndikulandira zinthu zake ndi manja awiri.

Pambuyo pake anasiya ntchito ya boma n'kutsegula galaja yake pa Nsipe, pafupi ndi msika, m'mphepete mwa msewu waukulu. Magalimoto atsopano odzaza mawaya atayamba kuchuluka, aliyense ankathamangira kwa iye. Ine ndinakhalabe ndi magireda anga mpaka ndinapuma mu 2018, n'kubwerera ku Champiti ndi bokosi la masipanala. Koma zaka zonsezo ndinali ndi Nkhunzi. Ndikaisintha oyilo, a Gwaza ankanditenga kukaiyesa, ndipo tikamadutsa pagalaja pa Sayidi ndinkawauza kuti apondeko mafuta kuti ndimve ngati injini ikupuma bwino. Injini inkapuma bwino nthawi zonse. Ndinkangofuna kuti Sayidi atulutse mutu m'boneti ya kagalimoto kena n'kutiyang'ana. M'zaka zomaliza Nkhunzi inasiya kuyenda, inkangokhala m'shedi kwa a Gwaza, ine n'kumapita mwezi ndi mwezi kukailiza kuti isagwire dzimbiri.

2022: Kusankha fani

Chaka chimenecho mdzukulu wa a Gwaza, Tiyamike, ankakwatiwa. Ukwati unali woti ukadalitsidwe ku tchalitchi cha ku Manjawira, kwawo kwa mwamuna, madyerero ku holo ya pa boma. A Gwaza anali atakalamba ndithu, chifuwa cha m'migodi chikuwavuta, koma analamula kuti mdzukulu wawo sakwera galimoto yobwereka Nkhunzi ilipo. Mwana wawo Dalitso, bambo a mkwatibwi, anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzakonzekera zonse, ndipo anandiitanitsa ku shedi. Nditafika ndinapeza Sayidi ali kale pomwepo, atatsamira boneti.

Vuto lake tonse tinkalidziwa. Nkhunzi inkakonda kuthamanga. Pa liwiro mphepo ya pamsewu inkaiziziritsa, koma ikamayenda pang'onopang'ono inkatentha, chifukwa fani yake inkazungulitsidwa ndi lamba wa injini. Injini ikafatsa, fani nayo inkafatsa. Tsono mukudziwa mmene mdipiti wa ukwati umayendera kwathu kuno: mahutala, kuima pamsika uliwonse kuti amayi avine, wojambula ali patsogolo akuyenda chambuyo. Ukwatiwo unalinso mu Okutobala.

Ine ndinati fani yachitsulo ikhalebe, tingoika ya mapiko ambiri yochokera ku lole, n'kuizinga ndi lata kuti mphepo isamathawire m'mbali. Sayidi anati ngakhale mapiko atakhala makumi awiri, fani ya lamba singathamange injini itafatsa. Anati pakufunika fani yamagetsi, yokhala ndi mota yakeyake, yodziyatsa yokha madzi akatentha, kaya galimoto ikuyenda kaya yaima. Anafotokoza modekha, akunditchula achimwene pa mawu aliwonse. Choipitsitsa n'chakuti ndinadziwa kuti akunena zoona asanamalize n'komwe. Komabe ndinalimbikira. Ndinati amene anapanga galimotoyi sanali opusa, ndinati mawaya ndi amene amaotcha magalimoto, ndinanenanso zina zomwe sindikufuna kuzikumbukira.

Dalitso anaseka. "Madala, tsobola wakale sawawa. Tiyeni tiyende ndi nthawi."

Ndinayang'ana a Gwaza, amene anakhala pa mpando pakhomo pa shedi. Iwo anayang'ana ndodo yawo. Kenako Dalitso anatambasula dzanja kupempha kiyi wachiwiri, akuti Che Sayidi amufuna. Ndinamutulutsa m'kachikwama muja, ndipo pomwe ankakhala panatsala chizindikiro chake pa chikopa. Mawa lake Nkhunzi inakokedwa kupita ku Nsipe, ine ndili m'munda, ndafulatira msewu, ndikusosa pomwe ndinali nditasosa kale.

Lachinayi

Masabata awiri ndinkangomva za anthu. Akuti Sayidi anayeza radiyeta ndi tepi, anapita mpaka ku Limbe kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa, anakana mafani angapo, ena aang'ono, ena onenepa, mpaka anapeza yaikulu koma yopyapyala, chifukwa mpata wa pakati pa radiyeta ndi injini ya Nkhunzi ndi wochepa. Akuti anasinthanso altaneta kuti batire isamafooke. Aliyense wondiuza ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti koma Che Sayidi ndi katswiri.

Lachinayi, ukwati uli Loweruka, ndinauza mayi anu kuti ndikukagula kabichi pa Nsipe, ngati kuti kudimba kwathu kunalibe. Sayidi anandilandira ndi chimwemwe chenicheni. Ntchito yake inali yaudongo, ndisaname. Mawaya anamangidwa bwino, fyuzi ili pamalo pake, fani yakhala kuseri kwa radiyeta ngati inabadwira pomwepo. Anandiuza kuti dzulo lake injini inalira nthawi yaitali galimoto ili chiimire, kamuvi osakwera. Pamsewu sanaiyese, chifukwa masiku amenewo petulo ankasowa, ndipo zigubu zomwe Dalitso anapeza zinali za tsiku la ukwati.

Analowa m'galimoto, anailiza, n'kumayang'ana kamuvi kudikira kuti fani iyake. Ine ndinaima kutsogolo. Fani itayamba, dzanja langa linalowa lokha m'thumba mwa chizolowezi. Nyuzi ndinalibe. Ndinapeza kalata yondiitanira ku ukwati womwewo. Ndinaitambasula n'kuiika kutsogolo kwa radiyeta. Inauluka n'kugwera pa nsapato yanga.

Ndinamvetsa nthawi yomweyo. Fani ija, m'galimoto yomwe inachokeramo, inkakhala kutsogolo kwa radiyeta n'kumakankhira mphepo mkati. Sayidi anaitembenuza n'kuiika kuseri, ndiye tsopano inkakankhira mphepo kunja. Galimoto ikaima zimenezi sizioneka, mphepo ndi mphepo, madzi amazizirabe. Koma pamsewu mphepo yolowa ikakumana ndi ya fani, zonse zimangoima pa radiyeta ngati ng'ombe ziwiri zogundana pachipata cha khola. M'magalimoto amakono mapulagi amalowa mbali imodzi yokha, munthu sungasokoneze, ndipo Sayidi anali atazolowera amenewo. Fani iyi inabwera ndi mawaya odula. Pepala la a Chirombo analiiwala kalekale.

Boneti inali yotsegula, choncho iye sanaone kanthu. Ndinatola kalata ija, ndinaipinda, n'kuibwezera m'thumba. Atatsika anandifunsa kuti ntchito yake ndaiona bwanji.

"Mwagwira ntchito, Che Sayidi," ndinatero.

Ana anga, ndikanakonda kulemba kuti ndinabwerera ndi mtima wolemera. Ayi ndithu. Ndinabwerera ndikuimba mluzu. Ndinkachiona chitunda chija cha kupitirira Nsipe, dzuwa likuswa mtengo, nthunzi ikutuluka m'boneti, mdipiti wonse utaima, Dalitso ndi suti yake akuthamangathamanga kufunafuna a Mbewe aja a tsobola wakale. Zinkanditsekemera ngati nzimbe. Kabichi ndinaiwala kugula.

Lachisanu

Mayi anu, Nachisale, amandidziwa ngati chikhatho chawo. M'mawa anandifunsa kuti munthu wolandidwa galimoto amaimbiranji mluzu. Ndinawauza zonse poganiza kuti aseka nane. Sanaseke, komanso sanandilalikire. Anangofunsa ngati injini yotere imachira ikawira pa chitunda. Ndinati zimatengera, ikawira kwambiri hedi, chitsulo chovindikira masilinda, imapindika, ndipo hedi ya Nkhunzi simungaipeze m'dziko muno. Anangoti chabwino, n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.

Funso limenelo ndi lomwe linandinyamula. Sindinapite ku Nsipe chifukwa cha Sayidi, kapena chifukwa cha Tiyamike ndi velo yake, ngakhale ndikuchita manyazi kunena. Ndinapita chifukwa cha injini. Bawuti iliyonse ya m'menemo ndinkaidziwa, ina ndinachita kusula ndekha. Kuilekerera kuti ipse kunali ngati kuonerera ng'ombe yako ikudya chiphe chifukwa wakwiyira m'busa.

Koma m'njira nsanje inandipatsa nzeru zina. Ndinati pepalali ndikaliika Dalitso akuona. Injini ipulumuka, Sayidi achita manyazi, kiyi abwerera kwa mwini wake. Ndipo nditafika chakumasana Dalitso analipodi, akumanga maliboni pa zitseko. Sayidi anali atavala mkanjo woyera, akukonzekera kupita ku mzikiti. Kalata ija inali kale m'dzanja langa. Chinangotsala n'kunena kuti tailizani injini.

Pamenepo Sayidi anawerama kuti atseke chivindikiro cha radiyeta. Chinamupulumuka. Anachitola, chinamupulumukanso. Dzanja lake linkanjenjemera ngati la munthu wamalungo. Anayang'ana msanga kwa Dalitso, n'kubisa dzanjalo m'thumba la mkanjo. Dalitso sanaone. Ine ndinaona, ndipo iye anadziwa kuti ndaona. Ndinatola chivindikirocho n'kutseka ndekha. Ndinaima pamenepo ndikulongolola za kutentha kwa chaka chimenecho, kalata ikunyowa ndi thukuta m'dzanja, mpaka Dalitso ananyamuka kupita ku boma kukaona holo. Sindikudziwa ngati chinali chifundo. Ndimaona ngati ndinangolephera kumenya munthu amene wagwa kale.

Dalitso atachoka ndinauza Sayidi kuti alize injini, kenako abwere adzaime pambali panga. Fani itayaka ndinaika kalata ija. Inauluka. Anaiyang'ana pansipo nthawi yaitali, kenako anakhala pa tayala, osasamala za mkanjo woyera uja.

"Pepala la a Chirombo," anatero. Kenako anafunsa kuti, "Munaona liti?"

"Dzulo."

Anangogwedeza mutu. Sanandifunse chomwe ndinakhalira chete, ndipo ndikanakonda akanandifunsa, kapena kunditukwana kumene. M'malo mwake anandiuza kuti manja anayamba kumuvuta chaka chapitacho, kuti mawaya a Nkhunzi anamutengera masabata awiri pomwe kale inali ntchito ya tsiku limodzi, ndiponso kuti kanati kogwira mapiko a fani sangathe kukamasula ukwati usanafike. Anati iyi ndi ntchito yake yomaliza, akatero atseka galaja.

Ndinamuuza kuti apite akapemphere. Ndinavula jekete. Kusinthanitsa mawaya awiri kokha sikukwanira, chifukwa mapiko a fani ndi opindika ngati supuni, ndipo ukangobweza mota amakoka mphepo yochepa. Ndinaimasula fani yonse, ndinachotsa kanati kaja, ndinatembenuza mapiko, ndinasinthanitsa mawaya, n'kubwezeretsa zonse mmene iye anazimangira. Pochokera ku mzikiti anapeza injini ikulira, kalata ya ukwati itamatirira pa radiyeta yokha, popanda woigwira.

"Ndimuuza Dalitso kuti mwaikonza ndinu," anatero.

"Ayi, musavutike. Ntchitoyi ndi yanu."

Ndinanena choncho poganiza kuti aumirira, monga timachitira pa chakudya, kukana kamodzi kuti akukakamize. Sanaumirire. Anangoti zikomo achimwene, n'kundigwira dzanja ndi manja ake onjenjemera aja. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitukwana njira yonse.

Loweruka, ndi pambuyo pake

Nkhunzi inayenda ngati mkwatibwi ndi iyoyo. Inakwawa m'misika, inaima pa Nsipe amayi akuvina moizungulira, inakwera chitunda chija mwaliwiro, a Gwaza ali pampando wakutsogolo atavala chipewa chawo cha ku Joni. M'holo, woyendetsa mwambo anaimiritsa Che Sayidi kuti anthu amuone katswiri amene wadzutsa Nkhunzi. Nthungululu zinamveka mpaka panja. A Gwaza anamugwira dzanja, n'kunena pa chimkuzamawu kuti kiyi wachiwiri akhale nayebe. Ine ndinali pa mzere wachisanu ndi chimodzi, ndikuomba m'manja. Mayi anu anandiponda phazi kuti ndisaombe mwamphamvu choncho, anthu angadabwe.

A Gwaza anamwalira chaka chotsatira osadziwa kanthu. Sayidi anatsekadi galaja. Atadwala kwambiri ndinapita kukamuona pa Nsipe. Anandiuza kuti zaka zonse zija, magalimoto ali mbwee pagalaja pake, ankandichitira nsanje chifukwa cha Nkhunzi, ndipo kuti Dalitso atamuitana anadziwa kuti anayenera kukana, koma mtima sunamulole. Ndinamuyang'ana munthuyo ali gone pa mphasa, ndipo mumtima ndinati taonani, ngakhale nsanje yomwe akufuna andilande. Ndinaseka, iye nayenso anaseka, osadziwa chomwe ndinkaseka. Anamwalira patangopita masabata awiri, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinkayembekezera.

Za Lachisanu lija sanauze munthu, monga ndinamuuzira ndi pakamwa panga. Mpaka lero pa Nsipe amati fani ya Che Sayidi. Musawatsutse. Anaisankha ndi iye, ndipo anasankha bwino kuposa ine. Komanso musaganize kuti ndalemba izi kuti ndikuphunzitseni kukhululuka. Ndalemba chifukwa nsanje ija sinathe, ndipo ndafuna kuti inu atatu nokha padziko pano mudziwe amene anatembenuza mapiko aja. Kungoti sindikanatha kulemba za Lachisanu osalemba za Lachinayi, tsiku lomwe bambo anu anapinda pepala n'kuliika m'thumba.

Kalata ija ili m'bokosi la masipanala, pansi penipeni, ndipo ili ndi chidindo cha chala changa cha oyilo. Nkhunzi tsopano ili ndi Dalitso, amabwera nayo kumudzi pa Khirisimasi. Akaima pa Nsipe kugula mbatata, injini ili chilirire, ine ndimayandikira, ndimadikira kuti fani iyake, n'kuika dzanja kutsogolo kwa radiyeta ngati nkhalamba yongosisita galimoto yokongola. Mphepo imakokera chikhatho changa mkati. Kiyi ndilibe.